Katundu Samva Mabuleki

Mbuzi inadumphira mumsewu, dalaivala anaponda mabuleki, lole inaima. Mbiya sizinaime. Ndinaziona zikutsetsereka pa udzu umene ndinaziyalira, zazikulu patsogolo, zazing'ono pambuyo, ngati azimayi opita kumadzi, mpaka zinakagunda chitsulo cha kumsana kwa dalaivala. Phwaa! Nanenso ndinazitsatira, chipumi patsogolo. Mbuzi inawoloka bwinobwino ikutafuna.

Dalaivala anatsika, anasuzumira kumbuyoko, anaona mapale okhaokha.

"Katundu ameneyu wamanga ndani?"

"Sanamangidwe. Ndinangomuyalira udzu. Inu mwaimiranji chonchi?"

"Ine ndaimitsa lole, mtsikana iwe. Katundu samva mabuleki."

Mbiya zimenezo zinali za achemwali anga a Elube, agogo ako, iwe Ulemu. Khala pansi. Wabwera m'mawa uno kuchokera kutauni pa njinga yamoto yahayala kuti utenge amayi ako akawaone maso kuchipatala. Iwo akana. Iwe wawakalipira mpaka nkhuku zathawa pabwalo, ndipo tsopano ukuti ukubwerera lero lomwe. Njingayo ikulirabe pamsewupo. Ileke ilire, mafuta ndi a mwini wake. Sindichedwa. Nkhani zazitali ngakhale ine sindizikonda.

Tinakulira pamphambano pomwe pano, pansi pa mkuyu uwu. A Elube ankaumba mbiya. Ulendo wawo wautali unali wa kumtsinje kokakumba dongo, ndipo ngakhale kumeneko ankaponda momwe anaponda dzulo. Wamiyendo ndinali ine. Kusukulu ndinapitako pang'ono, zokwanira kuwerenga zikwangwani za mumsewu. Chimodzi chokha ndimachikumbukira. Aphunzitsi anaika kachikatoni pakamwa pa kapu, pamwamba pake kamwala. Anakoka kachikatoniko mwamsanga, kamwala kanatsala pomwepo n'kugwera m'kapu. "Chokhala chimafuna kukhalabe, choyenda chimafuna kuyendabe," anatero, "mpaka china chichikakamize." Tinaomba m'manja ngati taona matsenga. Belu linalira, tinaiwala.

Tsiku la mbuzi lija ndinkapita kukagulitsa mbiya kumsika kwa nthawi yoyamba. Kubwerera ndi mapale sikunali koopsa. A Elube akanangoseka n'kuumba zina. Koma lole inali itanyamukanso, ndipo ine ndinali pamwamba pake. Ndinati nditsikira pamsika wotsatira. Msikawo unafika, unadutsa. Unafika wina wofanana nawo, wa tomato yemweyo, galu yemweyo atagona pansi pa benchi, nawonso unadutsa. Sindikumbukira kuti ndinaganizapo zochoka kwathu. Ndinangopitirira.

Dalaivala anandiphunzitsa kumanga katundu. Wolemera umamugunditsa kutsogolo kuti asakhale ndi pothamangira. Chingwe umachikokera kumbuyo, osati pansi pokha. Migolo yosadzaza ndiyo yoopsa, chifukwa zam'kati zimakhala ndi ulendo wawowawo. Ndinayenda ndi malole ambiri, a fodya, a makala, a mchere, koma madalaivala onse ndimawakumbukira ngati munthu mmodzi amene ankangosintha chipewa. Zaka sindinkaziwerenga. Mvula inkatipeza mumsewu n'kutisiya mumsewu.

Msewu wina unkadutsa kuseri kwa mapiri, pa chipatala cha maso. Nthawi zonse tikamadutsapo pankakhala anthu pakhoma, aliyense thonje pa diso limodzi. Ena ankalowa atagwira ndodo imene m'bale wawo akuikoka, n'kudzatuluka ndodoyo ataiika paphewa. Ndinkangoonera, ngati mmene munthu amaonera ukwati wa eni ake.

Tsiku lina lole inatulukira pamphambano pano. A Elube anandiona ndikadali kutali, pamwamba pa matumba, anaimirira dongo lili m'manja.

"Ndiwe? Mbiya zanga zija zili kuti?"

"Zinafika msanga kuposa lole, achemwali."

Anaseka mpaka anakhala pansi. Poseka m'pamene ndinaona kadontho koyera m'diso lawo lamanzere, ngati mwagwera mkaka.

"Diso ili latani?"

"Utsi wootchera mbiya. Zitha zokha."

"Imeneyo ndi ng'ala. Kuseri kwa mapiri uko amachotsa, munthu n'kubwerako akulowetsa ulusi pa singano. Lole iyi ikupita komweko. Kwerani."

"Lero? Dongo ndanyika kale, liuma. Iwe tsika, mbatata ili pamoto."

Dalaivala analiza hutala. Ndinawagwira dzanja, ndinakoka kamodzi mwamphamvu. Chibangili chawo chinatsala m'manja mwanga, iwo anatsala pamphasa.

Ndinakatsikira m'tauni ina imene anthu ake onse anali oyera ndi ufa, nsidze zomwe. Munali chigayo, ndipo anandilemba ntchito yogwirira matumba pakamwa pake. Pambali pa injini panali gudumu lalikulu lachitsulo. M'mawa amuna awiri ankalipukusa, thukuta lili kamukamu, ilo likukana ngati bulu. Likangoyamba, ankalumpha kulithawa. Madzulo ankazimitsa injini, phokoso n'kutha, koma gudumu linkazungulirabe mwakachetechete, nthawi yoti munthu n'kusesa chigayo chonse.

Mmodzi wa opukusawo, a Jailosi, anandikwatira. Anali munthu wabwino, wachangu ngati ine. Tsiku lina anazimitsa injini n'kutambasula dzanja kuti achotse lamba.

"Dikirani liime," ndinatero.

"Ndazimitsa kale, mkazi iwe."

"Mwazimitsa injini. Gudumu simunaliuze."

Linawatenga zala. Dzanja linapola, munthu sanapole. Anayamba kukhala pakhomo pa chigayo kumangoyang'ana gudumu. Ukwati wathu unazima nyengo imeneyo, koma unazungulirabe: ndinkaphika, ankadya, ndinkachapa, ankavala. M'mawa wina ndinadzuka n'kupeza kuti ukwatiwo waima. Abale awo anadzawatenga, ine ndinapita kumsewu. Dalaivala anali atavala chipewa china.

Pamene lole inatulukiranso pamphambano, a Elube sanaimirire. Ndinatsika, ndinayenda mpaka chithunzithunzi changa chinagwera pa mbiya imene ankaumba, m'pamene anatukula mutu.

"Ndiwe? Wanenepa."

"Ndaonda, achemwali."

Diso lamanzere linali litayera lonse, ndipo kadontho kanali katayamba kumanja. Mbiya zawo zinali zolimbabe, koma milomo yake inkapendekeka pang'ono. Pambali pawo panali kamtsikana kakufinya dongo, Eneresi, amayi akowa.

"Kwerani, achemwali, lina likadali kuona."

"Mwanayu ndimusiyira yani?"

"Timutenga."

"Nanga mbiya zosaotchazi? Mvula ili pafupi. Iwe bwanji osatsika? Nyumba ya amayi ili chikhalire, ikungofuna denga."

"Ine ndikatsika, pansi pamayenda. Ndaima chonchi, mtengowu ukundithawa."

Sindinkanama. Ndikaponda pansi thupi linkapitirirabe ulendo, m'mutu muli ngati madzi a mu ndowa munthu akaima mwadzidzidzi.

"Ndiye tikuthyolere masamba tikuike pamutu," anatero a Elube, "ngati mmene timachitira ndi madzi kuti asatayike."

Eneresi anaseka. Hutala inalira. Ndinawagwira paphewa n'kukoka. Anawerama, ndinatsala ndi mpango wa kumutu kwawo.

Kenako ndinakakhala kudziko la zitunda, kumene msewu unkathera ndipo mbatata ya kachewere inkatsikira kumsika pa ngolo. Kumeneko ngolo iliyonse inali ndi chipika chomangirira ku tcheni. Akadali pamwamba penipeni, ng'ombe zikuyenda bwinobwino, ankachiponya pansi kuti ngolo izichikoka. Mwini ngolo wina anati chipika chimangochedwetsa, achiponya akaona kuti zavuta. Pamene zinavuta, ngolo inali ikukankha kale ng'ombe, goli lili m'nyanga. Tinadya nyama mudzi wonse, mwini wake akulira. Mayi wina amene ndinkasankha naye mbatata anapukuta pakamwa n'kunena kuti, "Kuima kumayambira pamwamba. Ukaona chigwa, wachedwa."

Ndinayesa kudziponyera chipika. Ndinapempha munda, ndinabzala chinangwa, dala, chifukwa chinangwa chimachedwa. Chisanakhwime ndinali pa lole. Anakumba ena.

Kwina kunali njanji yopatuka, pafupi ndi nyumba yosungiramo fodya. Sitima inkasiya mabogi chapatali, amuna n'kumawakankha ndi mapewa mpaka pakhomo. Ine ndinkasoka masaka. Ndinkawaona atatsamira bogi, akuimba chapansipansi, bogi osasuntha, iwo osachoka. Kuonerako kunkanditopetsa. Tsiku lina ndinataya singano, ndinathamanga, ndinaligunda ndi phewa. Ndinagwa chagada. Amuna onse anaseka, koma palibe anachotsa phewa.

"Mayi, lakulakwirani chiyani?" anafunsa kapitawo wawo, bambo wa ndevu zoyera.

"Mwakhala pamenepo kuyambira m'mawa. Silikuyenda."

"Likuyenda, koma silinanene. Bogi sachita kulimenya. Mumatsamira n'kukhalapo. Tayang'anani gudumulo."

Ndinayang'ana. Kabanga ka dzimbiri ka pa gudumu kanali katasuntha pang'ono, ngati m'lifupi mwa chikhadabo.

"Pamenepo m'pofunika," anatero kapitawo. "Mukachotsa phewa pamenepo kuti mupume, ntchito yonse ya m'mawa yapita. Mukalimbikira, posachedwa mulikankha ndi dzanja limodzi, linalo mukukanda m'mutu."

Ndinamva. Koma ndinkayesa kuti akunena za mabogi.

Ulendo wina pamphambano, a Elube sanatukule mutu n'komwe.

"Ndiwe," anatero. "Umaponda ngati wasiya ndiwo pamoto."

Maso onse anali oyera. Ankaumba ndi manja okha, ndipo Eneresi, amene tsopano anali namwali, ndiye ankaotcha. Ulendo umenewu ndinauza dalaivala kuti azipita. Ndinakhala pamphasa, pansi pakuyenda, ndinagwira muzu wa mkuyu. Ndinawafotokozera za kuchipatala: kuti sizichedwa, kuti amam'mata munthu thonje, m'mawa n'kumatula. Ndinawauza za mayi wina amene atam'matula anayamba kukalipa, ati ana ake akhala akumuveka chitenje chong'ambika iye osadziwa. Anaseka. Anati ndinenenso. Ndinanenanso, anasekanso. Tinadya mbatata ija imene inakhala pamoto zaka zonsezo.

M'mawa mwake, akupukuta manja, anafunsa chapansipansi, "Kodi kumeneko amalola munthu kupita ndi mphasa yake?"

"Mphasa? Kuli mabedi, achemwali! Tikunena za maso, inu mukunena za mphasa? Mukupita kapena simukupita?"

Anatenga dongo n'kuyamba kulifinya.

"Ndiganize kaye," anatero.

Chakumasana lole inaima pamphambano, hutala inalira, miyendo yanga inadzuka yokha. Sindinawakoke. Ndinangoti ndidzabweranso mvula ikatha. Ndinali nditadutsa misika ingapo, nditakhala pa matumba a mchere, pamene funso la mphasa lija linandibwerera, litagwirana ndi kabanga ka dzimbiri. Ndinamenya denga la dalaivala kuti aime. Sanamve, kapena anamva, kaya. Msewu unali wotsetsereka. Ndinati ndibwerera pa lole yotsatira. Malole onse a nyengo imeneyo ankalowera kumodzi.

Pamene ndinafikanso, pansi pa mkuyu panali anthu ambiri, ndipo mbiya zonse anali ataziika chozondoka. Palibe anati, "Ndiwe?"

Manda athu ukuwadziwa, ali kutsidya kwa mtsinje, m'mbali mwa msewu wa kumapiri. Chaka chimenecho amuna onyamula anali ochepa, choncho bokosi analiika pa ngolo. Ng'ombe zinakoka, ngolo inakana. Mwini wake anazikwapula, zinadumpha, ngolo osasuntha. Azimayi anasiya kuimba.

"Akukana," wina ananong'ona. "Chibadwire sanachokepo pano. Akukana."

"Lekani kumenya ng'ombezo," ndinatero. "Magudumu ali mumchenga. Bwerani muike mapewa. Osagunda, ingotsamirani."

Tinatsamira, ine ndi Eneresi ndi amuna okumba manda. Kwa kanthawi palibe chinachitika. Wina anafuna kuwongoka, ndinamukalipira. Ndinkayang'ana gudumu. Linasuntha chikhadabo, kenako chala, kenako dzanja, ndipo titafika pamsewu wouma ndinkakankha ndi dzanja limodzi. Anali opepuka, achemwali anga. Sindinkadziwa kuti angapepuke choncho.

Ine amene ndamanga katundu moyo wanga wonse, bokosilo sindinalimange. Chingwe ndinali nacho m'chiuno, koma m'bale wako sum'manga ngati matumba. Linali pakati pa ngolo, kutsogolo kuli malo. Titafika pokhotera kumanda, mwini ngolo anaimitsa ng'ombe mwadzidzidzi. Ngolo inaima. Bokosi silinaime. Linatsetsereka pa matabwa mpaka linakagunda kutsogolo, gu! mutu utaloza kumapiri.

Anthu anabwerera m'mbuyo. Eneresi anandigwira mkono.

"Amayi aang'ono, akufuna kupitirira."

"Katundu samva mabuleki," ndinatero, chifukwa ndi zimene ndimadziwa, ndipo n'zoona. Panalibe matsenga pamenepo. Koma ndinaima ndikuyang'ana msewu umene bokosi linaloza, ndi mapiri ake, amene lole yonyamuka pano m'mawa imafikako dzuwa lisanapendeke. Chibangili ndi mpango ndinawabwezera m'manda momwemo.

Sindinakwerenso. Usayese kuti ndinachenjera. Mawondo ndiwo anandiponyera chipika. Pansi panayendabe mvula yonse ya chaka chimenecho, ine ndikuyenda chogwira makoma. Kenako tsiku lina ndikusesa ndinaona kuti mkuyu waima.

Tsopano kadontho kaja kali m'diso la amayi ako, ndipo iwe wabwera ndi njinga yosazimitsa. M'mawa muja ukukalipa, ine ndinali pakhonde pano, ndinkamva. Iwo anafunsa kuti, "Nanga nkhuku zanga azitsekera ndani?" Iwe unati, "Nkhuku ndi maso, chofunika n'chiti?" Basi, anangoyamba kusankha nyemba.

Nkhuku ndizitsekera ine. Kawauze zimenezo, mofatsa, kenako udikire funso lina, chifukwa libwera: la chitenje chovala, la chakudya cha kumeneko, la amene adzawagwire dzanja popita kuchimbudzi. Lililonse uliyankhe ngati ndi lalikulu. Kuntchito kwako utumize mawu kuti uchedwa. Ugone kuno lero, ugone mawa, ugonenso mkuja ngati kuli kofunika. Usawakoke, utsala ndi mpango. Utsamire n'kukhalapo, ndipo ukaona kuti asuntha pang'ono, usachotse phewa kuti upume.

Tsiku limene adzakwere, uwakhazike pakati, agunde msana wa woyendetsa, iwe uwakumbatire kumbuyo. Ndipo umuuze bamboyo kuti aziyamba kuchepetsa liwiro mbuzi ikadali kutali.

Dzuka tsopano. Kamuuze kuti lero abwerera yekha.